Zochotsedwa M'mutu mwa Fabiano

Alamu anga a Ezron ndinawada, ndipo mpaka lero ndikamva dzina lawo malovu amandiwawa m'kamwa. Musandiuze za kukhululuka, abusa anayesa kale n'kutopa. Munthu amene anandilanda mwana dothi la pamanda a mwamuna wanga lisanaume, ndimukhululukire chiyani?

Tinkakhala kutsidya kwa mtsinje wa Chongwe, m'dziko la Asoli kwa mfumu Nkomeshya, kumene mabanja ochokera kum'mawa tinapatsidwa malo olima. Inali nthawi ya Chitaganya. Mwamuna wanga Fabiano Shawa ndi akulu ake a Ezronwo anali Angoni, ine Rosaria ndine Mchewa wa ku Katete. Kwathu mwana ndi wa mayi. Kwa iwo, ng'ombe zikangoperekedwa, mwana ndi wa kuchimuna. Zimenezo ndinkazidziwa pokwatiwa, koma ndi mkwatibwi uti amene amaganiza za imfa? Mwana tinali naye mmodzi yekhayo, Virginia, ndipo anali atangoyamba kuguluka mano akutsogolo.

Fabiano anagwa m'mawa wina akumanga ng'ombe pajoko. Sanadwale ngakhale chimfine, munthu wamphamvu wonyamula thumba la chimanga yekha. Anangogwira kunkhongo, n'kunena kuti mutu wamuwawa ngati wina wamutema ndi nkhwangwa. Anasanza, khosi linauma gwa, kenako anagona pamzere osayankhanso. A Ezron anati titumize munthu kwa sing'anga. Ine ndinakana. Ndinathamangira kumsewu waukulu, ndinaimika lole yonyamula chimanga, ndipo ndinakuwa mpaka amuna anamunyamula n'kumukweza pamwamba pa matumba. Tinafika naye kuchipatala cha m'tauni akupumabe, koma mawa lake anatisiya.

Thupi anatipatsa litakulungidwa bwinobwino munsalu yoyera. Kumudzi, amuna atalowa nalo m'nyumba kuti alisambitse, ndinamva phokoso lawo litaduka mwadzidzidzi. Anali atapeza ulusi. Mutu wa Fabiano unali wosokedwa kuchokera kukhutu ili, kudutsa pamwamba, mpaka kukhutu linalo, msoko wake wobisika m'tsitsi. Amene anaunyamula anati unali wopepuka.

Muyenera kudziwa mmene kunalili zaka zimenezo. Dziko lonse linkanjenjemera ndi banyama, anthu amene ankati amagwira anzawo, kuwapopa magazi ndi kuwachotsa ubongo kuti akapereke kwa azungu. Galimoto yachilendo ikaima pamsewu, amayi ankataya mitolo ya nkhuni n'kulowa m'tchire. Ankanenanso kuti banyama sagwira munthu chigwiregwire, pamakhala wina wa pamudzi amene amawapatsa dzina. Ndiye taganizani, mutu wosokedwa, ndipo wokakamira kuti munthuyo apite kutauni ndinali ine.

Tinaika maliro anthu akundiyang'ana cham'mbali. Tsiku lometa, pamene achibale a mwamuna amameta wamasiye ndi kumumasula kuti akhalenso munthu pakati pa anthu, a Ezron anaimirira lumo lili m'manja, n'kuliika m'thumba la jekete. Anati mng'ono wawo waikidwa wopereweza, ndipo mzimu wa munthu wopereweza sugona. Anati ine ndinagulitsa mutuwo. Mwana wa Ashawa sangaleredwe ndi mkazi wotero, anatero, mawa angadzagulitsenso wake.

"Mukabweza zimene munachotsetsa m'mutu mwa mng'ono wanga, nizakumetani, na mwana nizakupatsani," anatero pamaso pa anthu onse.

Ankadziwa kuti sizingatheke, n'chifukwa chake anazinena mokweza chotero. Akazi awo anamugwira Virginia padzanja, mwana akulira akukoka chitenje changa mpaka chinamasuka. Palibe amene anandiikira kumbuyo, ngakhale akulu a mpingo amene Fabiano ankawalimira ndi ng'ombe zake ulere. Ng'ombezo nazo zinagona m'khola la a Ezron tsiku lomwelo, koma za ng'ombe ine ndinalibe nazo ntchito.

Nyumba yawo inali pafupi, kungodutsa munda umodzi. Ndinkamuona mwana wanga akusenza ndowa yomuposa msinkhu, akusesa pabwalo la eni, ndipo akandiona ankayang'ana pansi chifukwa anamuletsa kundipatsa moni. Tsitsi langa linakula, linapotana, nsabwe zinapezamo mudzi. Kuchitsime amayi ankasuntha mitsuko yawo ndikafika. Mvula inagwa, chimanga chinamera, chinafika m'mawondo, ine ndikungokukuta mano. Sindinkapemphera kuti Mulungu andithandize ayi. Ndinkapemphera kuti a Ezron adzalawe mantha amene mwana wanga analawa tsiku lija.

Tsiku lina ndinamanga kamtolo ka mbatata zootcha n'kukakwera lole. Ndinati ngati kuli banyama, akandidye ine ndemwe, kusiyana n'kufa pang'onopang'ono ndikuonerera mwana wanga kutsidya kwa munda.

Kuchipatala anandipitikitsa khomo ili ndi ilo, mpaka mayi wina wokolopa anandilozera kanyumba ka kuseri, kumene amasungira akufa. Pakhomo pake ndinapeza bambo wamfupi wovala epuloni ya mphira, akununkha mankhwala oluma m'maso. Anati dzina lake ndi Boyd, ndipo ndichoke, kuno si koonera odwala. Ndinamva kalankhulidwe kake kuti ngwakwathu, ndiye ndinamufunsa mfunda. Anati Mbewe. Ndinati ndiye ndinu alongo anga, ine ndine Nambewe, ndipo pano sindichoka. Ndinayala chitenje pakhomo penipenipo n'kukhala, ndinayamba kusenda mbatata yanga.

Anandinyengerera, anandiopseza ndi apolisi, anandiuza kuti ndimuchotsetsa ntchito. Dzuwa litafika pamutu anatopa, analowa m'kati, ndipo anatuluka ndi dokotala wachizungu, wamtali, wowonda, zala zake zothimbirira ndi utoto wofiira ndi wobiriwira. Ndinayembekeza kuti andikalipira. Iye anangondiyang'ana tsitsi langa lija nthawi yaitali, a Boyd akumufotokozera, kenako anakodola kuti ndilowe.

M'chipindamo munali mashelefu, ndipo pamashelefupo mabotolo ndandanda, lililonse lili ndi madzi ndi kanthu koyererako kakuyandama. Ndinati m'mtima, kodi a Ezron aja ananena zoona? Dokotala ankalankhula, a Boyd akumasulira. Anati munthu akafa mwadzidzidzi lamulo limafuna kuti amutsegule aone chamupha. Ubongo sanautenge, anaubwezera m'thupi osati m'mutu, n'chifukwa chake mutu unapepuka. Chimene iye amasunga ndi mitsempha ya magazi ya pansi pa ubongo, chifukwa akufuna kudziwa ngati ya anthu akuda imakalamba ndi kutsekeka mofanana ndi ya kwawo. Mabuku onse amene anaphunzira, anati, analembedwa poyang'ana mitu ya azungu okhaokha.

Ndinawauza a Boyd kuti amufunse ngati anapempha kwa ine, kapena kwa eni ake a mabotolo enawo. A Boyd anamasulira mwachidule kwambiri, ndikukhulupirira kuti anachotsako minga. Mzunguyo anafiira makutu. Anangotembenuka n'kutsitsa botolo limodzi.

Ndiye Fabiano wanga anali mmenemo. Timitsempha toyera, tina tonenepa ngati udzu wofolera, tina ngati ulusi, tolumikizana mozungulira ngati nkhata yosenzera mtsuko, ndipo kuchokera pankhatapo nthambi zikupita uku ndi uku. Dokotala analoza ndi kamtengo pamphanda ina, pamene mtsempha umagawikana pawiri. Panali kotupa kangati nsawawa, kong'ambika pamwamba. Anati magazi anatulukira pamenepo n'kudzaza pansi pa ubongo. Palibe sing'anga, palibe dokotala, palibe lole yothamanga imene ikanamupulumutsa.

Ndinati sindikukhulupirira kuti kanthu kochepa chotero kangagwetse mwamuna ngati uja. Anandikhazika pampando, patsogolo pa chipangizo chachitsulo chokhala ndi galasi losuzumiramo, chimene a Boyd ankachitcha maikulosikopu. Anandionetsa kagalasi kathyathyathya kokhala ndi kadontho kofiira. Anati kameneko ndi kachidutswa ka mtsempha wa Fabiano, anakaumitsa m'phula, anakasenga kopyapyala kuposa khoko la anyezi, n'kukanyika mu utoto. Ndinatseka diso limodzi n'kusuzumira. Poyamba ndinkangoona nsidze zanga. Kenako kunayera, ndipo ndinaona khoma lozungulira, lamizeremizere. M'kati mwenimweni munali kamzere kakuda kopindikapindika, kamene anati kamatamuka magazi akamagunda. Pakati panali mnofu wofiira wochindikala, ndiwo mphamvu ya mtsempha, ndipo kunja kachikopa kotayana. Anati mitsempha ya m'mutu ndi yopyapyala kuposa ya m'thupi monse, ngakhale mwa munthu wabwinobwino. Kenako anasuntha kagalasiko pang'ono. Mnofu wofiira uja unangothera panjira, kamzere kakuda kaja kanaduka, panatsala kachikopa kokha.

Ndinalira pamenepo, misozi inagwera pachitsulo chake. Ndinali ndisanalire bwino chiikireni maliro, poti wogulitsa mwamuna amaliranso? Munthu ndinagona naye mphasa imodzi zaka zonsezo, ndinkadziwa chipsera chilichonse cha pathupi pake, koma kabowo kamene ankayenda nako m'mutu ndinadzakaona atafa, ndi diso limodzi.

Dokotala anati kufooka kotero munthu amabadwa nako, ndipo nthawi zina kumayenda m'magazi a banja. Anafunsa za achibale onse a magazi a malemuyo ndi kumene amakhala, ine ndinayankha zonse osabisa. Atamva kuti pali mkulu wake wa bere limodzi, maso ake anawala. Anati ameneyo abwere, akufuna kumuyeza kuthamanga kwa magazi ndi kumuunika m'maso, mwina n'kumulangiza kuti asamanyamule zolemera. Botolo anati nditenge, iye watha kujambula. Kagalasi kaja anatsala nako, ndipo sindinalimbane naye, chimene ndinkafuna ndinali nditachipeza. Pondiperekeza, a Boyd anandinong'oneza kuti ndikafotokoze bwino kumudzi, anthu asamawayese banyama, iwonso ali ndi ana.

"Mukakambe bwino, alongo. Bwana afuna chabe kuwapima alamu anu, si vina ai."

Ndinavomera ndi mutu. Koma pamwamba pa lole, botolo lili pamiyendo nditalikulunga m'chitenje, mawu a mzungu aja ankabwerera m'makutu mwanga, ndipo ndinayamba kuwasankha ngati nyemba, awa ndikanene, awa ndisiye. Pofika pa mlatho wa Chongwe ndinali ndikumwetulira ndekha.

Ndinadikira Lamulungu anthu atatuluka m'tchalitchi. Ndinapita pabwalo la a Ezron, ndinagwada mwaulemu wonse monga mlamu, ndipo ndinapempha kuti aitane onse amene analipo tsiku lometa lija, chifukwa ndabweretsa katundu wawo. Anthu anadzaza bwalo, ena mabuku a nyimbo ali m'khwapa. A Ezron anakhala pampando wawo wa ndalema akuseka, amvekere tiyeni tione ubongo wa mbuzi umene wagula kubutchala. Ndinamasula chitenje, n'kuika botolo pafupi ndi mapazi awo.

Kuseka kunatha. Botolo lotero, chivindikiro chake, fungo la mankhwala lija, palibe akanati ndazitola kumsika. Amayi anabwerera m'mbuyo atagwira ana awo. Ndinafotokoza zonse mwadongosolo, za nkhata ya mitsempha, za kotupa kaja, ndinachita kuwalozera ndi kaudzu kuti aone pong'ambikapo. Ndinati chinapha mng'ono wanu ndi ichi, anabadwa nacho, chinachokera m'mimba mwa amayi anu, osati m'manja mwanga. Pamenepo ndinatsitsa mawu, ngati munthu wopereka uthenga wa moni.

"Alamu, mzungu uja anafunsa ngati malemu anasiya mbale wa bere limodzi. Ndinamuuza kuti alipo. Dzina lanu ali nalo, ndi mudzi uno. Akuti akukufunani."

Sindinaname ngakhale liwu limodzi, Mulungu ndi mboni. Kungoti za kuyeza magazi ndi kuunika m'maso ndinazisiya pa lole paja. Ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwa a Ezron n'kunyowetsa kolala ya malaya awo a kutchalitchi. Dzanja lawo linakwera lokha n'kukagwira kunkhongo. Nkhani ya banyama anaifesa okha, anaithirira okha miyezi yonseyo, ndiye akanaimirira bwanji n'kunena kuti anthu inu, banyama kulibe?

Mkulu wina wa mpingo anakumbutsa kuti zochotsedwazo ziyenera kubwerera kwa mwini wake, ndipo wozinyamula ndi mwini mbumba, a Ezron. Tinapita kumanda masana omwewo, a Ezron patsogolo atanyamula botolo ndi manja awiri. Anakumba kadzenje kumutu kwa manda n'kulikwirira. Pobwerera palibe amene anayenda pafupi nawo. Munthu amene dzina lake lili kwa banyama ndani angamuyandikire?

Za kundimeta sananene kanthu tsiku limenelo, ndipo ine sindinawakumbutse. Ndinkafuna zipse kaye. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anasiya kupita kumsewu. Kumunda ankalima akucheukacheuka, nkhwangwa ili pafupi. Mutu ukangowawawa pang'ono, akazi awo ankathamanga kukaitana anthu. Tsiku lina kunabwera galimoto ya boma, ya anthu oyendera dibi losambitsira ng'ombe. A Ezron atangomva kulira kwake anataya khasu, analumpha mpanda wa khola, bambo wamkulu wa ndevu zake, n'kukabisala m'bango kumtsinje mpaka dzuwa kupendeka. Anatuluka matope ali m'chiuno, misundu ili m'miyendo. Ine ndinaima pakhomo panga n'kuseka mokweza kuti amve. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo ndikakumbukira ndimasekabe.

M'mawa mwake anabwera. Akazi awo ananyamula lumo ndi madzi, achibale awiri atatu akutsatira, ndipo pambuyo pa onse Virginia ndi kamtolo ka zovala zake. A Ezron, amene chikwatiwireni ine sanakhalepo pansi pakhomo panga, anakhala padothi. Anali atatha, masaya atalowa. Anandimeta pomwepo, tsitsi lija linagwa m'mapazi mwanga ngati ubweya wa nkhosa, mphepo inandikhudza pamutu koyamba. Ananena mawu omasula aja, kuti ndilibe mlandu ndi banja lawo, ndipo mwana ndi uyu. Atatha anasendera pafupi.

"Mlamu, napapata. Mubwerereko kutauni, mukamuuze muzungu afafanize dzina langa."

Ndinawayang'ana bwinobwino, kuyambira kumapazi mpaka kumutu umene ankauopera uja. Ndikanatha kuwamasula ndi mawu ochepa chabe. Ndinawauza kuti ndiona, koma asaike mtima, chifukwa dzina likalowa kwa mzungu silituluka msanga. Ananyamuka ngati nkhalamba. Kutauni sindinapite, ndipo iwo sanapondeko phazi mpaka imfa yawo. Zaka zonse zimene anakhala ndi moyo, galimoto ikalira kumsewu ankasiya chakudya m'mbale. Wina aziti ndinalakwa, ine ndimati ndinabweza muyezo womwewo.

Anthu atabalalika tinatsala awiri pabwalo, ine ndi mwana wanga. Mano ake atsopano anali atamera ine kulibe, aakulu, otalikirana. Ndinatambasula manja kuti abwere. Sanasunthe. Anaima patali atakumbatira kamtolo kake, ndipo ndinaona kuti wamanga mpango kumutu mothinitsa, mfundo ziwiri, kutentha konseko. Miyezi yonse ija ankamuuza kuti mayi ake amagulitsa mitu, ndipo tsiku la botolo lija analipo, anandimva ndi makutu ake ndikunena kuti ndapereka dzina la atate ake aakulu.

Ndinamuitana ndi dzina lake la kunyumba, ndinamuuza kuti ndamusungira nthochi zakupsa. Anayang'ana mutu wanga wometedwa, anayang'ana kumsewu, kenako anafunsa motsitsa mawu kwambiri.

"Amama, nanga dzina langa, nalo munamupatsa muzungu?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikane. Koma dokotala uja anafunsa za onse a magazi a Fabiano, ndipo dzina loyamba kutuluka m'kamwa mwanga, ndisanatchule n'komwe la a Ezron, linali lake. Mwanayo anaona kuti ndachedwa kuyankha. Anabwerera m'mbuyo pang'ono, manja onse awiri atagwira mpango wake.